Masilipasi a Nanay

Chaka changa chachiwiri ku Dubai ndinkakhala ku Al Rigga, m'nyumba yosanja yakalekale, kuseri kwa msewu waukulu umene uli ndi malo odyera mbali zonse ziwiri. Mwini fulati yathu anaidula ndi matabwa opyapyala kukhala tizipinda tambirimbiri, ndipo m'kachipinda kalikonse anaikamo mabedi osanjikiza. Munthu akatsokomola mbali ina ya thabwa, wa mbali inayo ankatembenuka. M'kachipinda kathu tinalimo akazi anayi. Ine, wa ku Machinga, ndinkagulitsa mafuta onunkhira m'sitolo ya Mmwenye wina. Mnzanga wa ku Chipata, ku Zambia, ankaluka tsitsi mu saluni. Awiri enawo anali Afilipino.

Wamkulu mwa awiriwo anali mayi wa imvi zoyamba kumene, wogwira ntchito kochapira zovala pa hotela ina. Aliyense ankawaitana kuti Nanay, mawu otanthauza amayi m'chinenero chawo, ndipo ife a ku Africa tinangotengera. Ankagona pa bedi lapansi, ine pamwamba pawo. Sankalankhula zambiri. Manja awo anali otuwa ndi sopo, ndipo mwendo wamanzere unkawavuta, moti akamayenda mukolido ndi masilipasi awo abuluu tonse tinkadziwa kuti ndi iwo tisanawaone. Phazi lina linkamveka kuti pha, linalo linkakhwekhwereza.

Winayo anali wamkulu kwa ine ndi zaka zochepa. Kwawo ankaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale, koma ku Dubai ankakhala pa kauntala ya supamaketi. Tinkawatcha Aticha. Nthawi imene ndikunenayi anali akukonzekera kukayesedwa pa sukulu ina ya ana a Afilipino, kuti mwina abwerere ku choko. Posowa ana oyeserera nawo, anasandutsa ife ophunzira awo. Tsiku lopuma likatikumanitsa ankaima pakati pa mabedi, foni ili m'manja, ife titakhala pamwamba miyendo ikulendewera.

Ine sukulu ndinalekeza Fomu 2, ndipo phunziro la mbiri ndinkalidziwa ngati mayina ndi zaka zoloweza pamtima. Aticha sanayambire pamenepo.

"Ukamva nkhani yakale," ankatero, "uyambe wafunsa kuti anaiona ndani. Anali pomwepo, kapena anachita kuuzidwa? Anainena tsiku lomwelo, kapena atakalamba? Nanga poinena ankafuna chiyani?"

Anatifotokozera kuti makolo awo anali ndi zilembo zawozawo Azungu asanafike, koma ankalemba pa nsungwi ndi pa masamba, zinthu zimene chiswe ndi mvula sizichedwa nazo. Zambiri zimene zikudziwika lero zinalembedwa ndi alendo: amalonda a ku China amene ankabwera ndi mbale ndi mitsuko, ndi ansembe a ku Spain amene anabwera kudzathetsa miyambo yomweyo imene ankailembayo. Wansembe akalemba kuti mayi wotsogolera nsembe za mizimu anali wantchito wa Satana, Aticha ankati tiphunzirepo ziwiri, kuti amayi ndiwo ankatsogolera mapemphero, ndi kuti wansembeyo sankawafuna. Ndinakumbukira buku lathu la ku pulayimale, mmene ife Ayao tinkangotchulidwamo pa tsamba la ukapolo, ngati kuti makolo athu sankalima, sankasula, sankakwatira. Ndinawauza Aticha zimenezo. Anandifunsa kuti bukulo analemba ndani. Sindinkadziwa.

Tinamva za midzi imene dzina lake linachokera ku bwato lalikulu, mfumu iliyonse ndi anthu ake ngati a m'bwato limodzi. Tinamva za anthu okhomerera golide m'mano ndi ena odzilemba mphini thupi lonse. Tsiku lina anatipatsira foni kuti tione chithunzi cha mtsuko wadothi umene unapezeka m'phanga. Anati kale madera ena munthu akamwalira ankamuika kaye, ndipo thupi likatha ankatenga mafupa, kuwatsuka, n'kuwalongeza mumtsuko wotere. Pa chivundikiro chake woumba anaumbapo kabwato, muli anthu awiri. Wa kumbuyo ndiye woyendetsa. Wa kutsogolo wangokhala, manja atawapingasa pachifuwa, maso ali kutsogolo.

"Wa kutsogoloyo ndiye womwalira," anatero Aticha. "Akumuperekeza. Palibe anatilembera zimenezo, tachita kuwerenga pa dothi."

Nanay anali akupinda zovala pa bedi lawo. Foni itawafika sanailandire.

"Zimenezo si zoonetsa m'chipinda chogona," anatero.

"Ndi dothi chabe, Nanay."

"M'dothi lomwelo munali munthu."

Aticha anaseka n'kutiuza kuti Nanay ndi buku loyenda, chifukwa mpaka lero akamadutsa pa chulu kapena pansi pa mtengo waukulu amayamba apepesa kwa eni malo osaonekawo, monga ankachitira makolo. Nanay sanaseke nawo. Anavala masilipasi n'kupita kukhitchini.

Mwezi wa Ogasiti, pamene mphepo ya kunja imakhala ngati yochokera mu uvuni, Nanay anagwa ku ntchito. Anzawo anati anangotsamira makina ochapira n'kutsetsereka pansi. Anawatengera ku chipatala. Aticha atapita kukawazonda anabwerako ndi uthenga woti ndi sitiroko, sakulankhula, koma maso akutsegula. Ine ndinati ndidzapita tsiku langa lopuma, kumapeto kwa sabata.

Sitolo yathu inkatsekedwa dzuwa likafika paliwombo, n'kudzatsegulidwanso chakumadzulo. Nthawi imeneyo ku Al Rigga kumakhala ngati pabwinja. Amphaka amabisala pansi pa magalimoto oima, ndipo phokoso limene umamva ndi la maeyakoni okha, makina oziziritsa m'nyumba, akulira ndi kudontheza madzi m'makoma. Tsikulo ndinayenda m'mithunzi ya nyumba monga mwa masiku onse, ndinakwera lifiti, n'kutsegula chitseko cha fulati. Munali zii. A ntchito za masana anali asanabwere, a ntchito za usiku anali mtulo kuseri kwa matabwa awo.

Ndinalowa kukhitchini kuti ndimwe madzi. Nanay anali atakhala pa kampando ka pulasitiki pafupi ndi windo. Anavala diresi la maluwa achikasu limene ankavala pakhomo, tsitsi lili lonyowa, lopesedwa chakumbuyo ngati angotuluka kumene m'bafa. Manja anali atawapingasa pachifuwa ngati munthu wozizidwa, chonsecho khitchini yathu inalibe eyakoni, ine thukuta linali kamukamu.

Sindinaope chilichonse. Ndinakondwa.

"Nanay, akutulutsani? Bwanji osanena kuti tidzakutengeni?"

"Ndabwera," anatero, osandiyang'ana. Maso anali pa khoma la patsogolo pawo.

"Mukupeza bwanji tsopano?"

"Pansi pakuzizira. Mwana wanga, waona masilipasi anga?"

Ndinayang'ana kumapazi kwawo. Analibe nsapato. Ndinapita kuchipinda n'kuwapeza pansi pa bedi, pomwe ankawasiya akamapita ku ntchito. Ndinabwera nawo n'kuwaika pafupi ndi mapazi awo, nditagwada monga tinaleredwera kwathu popereka chinthu kwa wamkulu. Anathokoza m'chinenero chawo. Nditafunsa ngati ndiwaphikire tiyi, anapukusa mutu. Ndinaganiza kuti ndi kutopa kwa munthu wochokera m'chipatala, ndiye ndinawasiya. Ndinakachita udhu, kusamba kokonzekera pemphero, ndinaswali, n'kukwera pa bedi langa.

Tulo tisanandibe ndinamva masilipasi aja mukolido, pha, kenako kukhwekhwereza, akubwera cha kuchipinda chathu. Anafika pa chitseko n'kuima. Ndinadikira kuti chitseguke, koma sichinatseguke. Ndinati mwina sakufuna kundidzutsa, ndipo ndinagona. Podzuka, bedi lawo linali monga linalili, loyala bwino. Potsegula chitseko ndinatsala pang'ono kuponda masilipasi aja. Anali pakhomo, onse awiri pamodzi, atayang'ana m'kati. Kukhitchini kunalibe munthu. Bafa linali lotseka, madzi akumveka, ndiye ndinati ali m'menemo. Ndinathamangira ku ntchito.

Aticha anafika m'sitolo dzuwa litapendeka, akadali mu yunifolomu, maso ali psuu. Anali asanabwerepo ndi kale lonse kuntchito kwanga. Anadikira kuti kasitomala amene ndinkamununkhiza mafuta atuluke.

"Nanay atisiya," anatero. "Sindinafune kukuuza pa foni."

"Atisiya bwanji? Abwereranso ku chipatala?"

"Amwalira lero m'mawa. Ndachokera komweko, ndakhala ndikuyenda ndi msuweni wawo m'maofesi tsiku lonse."

"Aticha, ine ndalankhula nawo masana ano. Kukhitchini."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandigwira pamkono n'kundikhazika pa katoni ya mabotolo kuseri kwa kauntala.

"Usauze munthu aliyense," anatero motsitsa mawu. "Ngakhale mnzako uja. Ndiyambe ndamva ine."

Bwana wanga ataona nkhope yanga anati khalas, kutanthauza kuti basi zakwana, ndipite kunyumba. Koma kunyumbako n'kumene sindinkafuna, ndiye ndinagwira ntchito mpaka nthawi yotseka, ndipo tsiku limenelo ndinagona pa bedi limodzi ndi mnzanga wa ku Chipata, iye akuganiza kuti ndi chisoni chokha.

M'mawa mwake ine ndi Aticha tinakhala pa kamalo kogulitsira tiyi pansi pa nyumba yathu. Anandiuza kuti ndifotokoze kuyambira pamene tinatseka sitolo, ndipo sanandidule mawu. Nditamaliza anayamba mafunso. Ndinali nditadya? Ndinayenda padzuwa nthawi yaitali bwanji? Ndinaswali ndisanawaone kapena nditawaona? Sizingatheke kuti ndinayamba ndagona, n'kulota, n'kusuntha masilipasi ndili mtulo? Anavala diresi liti? Ndinawakhudza?

Funso lomalizali linandiimitsa. Pogwada paja dzanja langa linali pafupi kwambiri ndi chala chawo chachikulu cha kuphazi, moti ndinaona ngakhale chikhadabo chong'ambika, koma sindinawakhudze.

"Mukundiyesa wabodza?" ndinafunsa.

"Ayi. Nkhaniyi ikatuluka idzalowa m'kamwa mwa anthu ambiri, ndipo aliyense adzakubwezera itasintha. Pakutha pa mwezi iwe mwini sudzasiyanitsa zimene unaona ndi zimene anthu akuti unaona. Lero ukadali nayo wekha."

Anafunsanso ena, aliyense payekha, osawauza chifukwa. Mlonda wa pakhomo anati sanaone mayi aliyense akulowa, koma anavomera kuti masana amasinza. Amene anali m'bafa uja anapezeka kuti anali mtsikana wa ku Nepal wa kachipinda koyandikana nafe, wogwira ntchito usiku. Iye anati ali chigonere anamva ine ndikulankhula kukhitchini, ndikumaima ngati ndikudikira yankho, koma mawu a munthu wachiwiri sanawamve. Masilipasi mukolido anawamva. Anaganiza kuti Nanay atuluka m'chipatala, anakondwa, n'kutembenukira kukhoma. Diresi la maluwa achikasu tinalipeza lopindidwa m'chikwama cha Nanay.

"Ndiye tili ndi iwe amene unaona," anatero Aticha titakumananso, "tili ndi mtsikana amene anamva theka, ndipo tili ndi masilipasi. Masilipasi sanama, koma akungotiuza kuti wina anawachotsa pansi pa bedi. Sakutiuza kuti anawavala ndani."

Ankalankhula ngati ali m'kalasi. Kenako anaika kapu yawo ya tiyi pansi.

"Kwathu maliro sitiwaveka nsapato," anatero. "Agogo anga ankati ukamuveka womwalira nsapato, uzimumva akuyenda m'nyumba. M'zolemba za ansembe aja sindinazipezemo, ndiye sindidziwa ngati ndi mwambo wa makolo akale kapena unabwera pambuyo pake. Ana anga a sukulu ndinkawauza kuti ndi zoopsezera ana." Anatembenukira kwa ine. "Iwe mwambo umenewu sunkaudziwa, si choncho?"

"Ndikuumva lero."

"Chimenecho ndi chimene chikundivuta."

Ndinaimbira amayi anga ku Machinga. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Wakufa sabwerera, mwanawe," anatero. "Amene wapita kwa Mulungu wapita. Chimenecho ndi chijini, changotenga nkhope ya munthu. Uziwerenga maaya ako a m'buku loyera polowa ndi potuluka."

Iwo ankati akundilimbitsa mtima. Koma ine ndinatsala ndikuganiza kuti ngati sanali Nanay, ndiye ndinagwadira chiyani, ndipo n'chiyani chinanditchula kuti mwana wanga.

Thupi la Nanay linakhala kumochale milungu ingapo, mapepala olitumizira kwawo akuyenda. Afilipino a m'fulati yathu ndi a mafulati ena ankabwera madzulo kudzapemphera. Pa bedi la Nanay anaikapo chithunzi chawo, kambale ka mpunga, ndi kandulo ya batire, chifukwa moto unali woletsedwa m'tizipinda ta matabwa. Ine ndinkagona pamwamba pa zonsezo. Masilipasi ndinawamanga mu jumbo n'kuwakankhira kukhoma pansi pa bedi.

Kunalibe kwina kopita masana, choncho ndinkabwerabe. Masiku oyamba munali bata. Kenako ndinawamvanso. Ankayambira kukhitchini, kubwera pang'onopang'ono, n'kudzaima pa chitseko chathu. Sankagogoda. Ndinkagona chagada, maso ali pa denga limene linali pafupi ndi nkhope yanga, ndikuwerenga maaya chamumtima mpaka foni italira kuti nthawi ya ntchito yakwana. Kamodzi ndinalimba mtima, ndinatsika n'kusuzumira pansi pa bedi. Jumbo linali pomwepo, lomanga monga ndinalisiyira.

Tsiku lina mnzanga wa ku Chipata anaweruka msanga mutu ukumupweteka, ndipo masanawo tinali awiri, iye pa bedi lake lapamwamba mbali inayo. Zitayamba ndinangokhala chete kuti ndione ngati amva. Anadzutsa mutu.

"Iwe, wamvela? Ni ndani uyo ayenda na mapatapata?"

"Ukumva chiyani?"

"Kwati ni ba Nanay. Mwendo umozi baguza."

Iye ndi wolimba mtima kuposa ine. Analumpha pansi n'kutsegula chitseko mwamphamvu. Kolido yonse, kuyambira ku khomo lalikulu mpaka kukhitchini, inali yopanda munthu. Munkangomveka fungo la sopo ndi la nsalu zositidwa kumene, fungo limene Nanay ankabwera nalo kuchokera ku ntchito. Anatseka chitseko pang'onopang'ono n'kuchitsamira. Pamenepo ndinamuuza zonse. Madzulo omwewo ananyamula bulangete lake n'kukagona kwa anzake a ku saluni, ndipo sabata isanathe makasitomala ake onse anali ataimva nkhaniyo, tsitsi likulukidwa.

Aticha atamva kuti tsopano tamva awiri, anatulutsa jumbo lija, anatenga sizasi ya kukhitchini, n'kudula zingwe za masilipasi onse awiri. Sanandiuze kuti mwambo umenewo anaupeza kuti, inenso sindinafunse. Zidutswazo anaziika pansi penipeni pa katoni ya katundu wa Nanay imene inkapita kwa ana awo, n'kumata ndi tepi.

Kwa masiku angapo ndinkagona masana. Kenako kunabwera china. Chinkamveka chapansipansi kwambiri moti poyamba ndinkati ndi madzi a eyakoni akudontha. Anali mapazi opanda nsapato, onyowa pang'ono, akumata pa matailosi n'kumatuka. Lina linkaponda, linalo linkakokedwa. Ichi chinandiopsa kuposa choyamba chija. Chinandimvetsanso chisoni, chifukwa munthu anadandaula kuti pansi pakuzizira, ife n'kumulanda chovala kumapazi.

Ndinapita ku supamaketi kukawadikira Aticha pa nthawi yawo yopuma. Tinaima kuseri, pa mthunzi wa khoma, pafupi ndi potsitsira katundu. Nditawauza sanandifunse funso lililonse. Anayang'ana pansi.

"Inenso ndimawamva," anatero. "M'mawa, nonse mukapita, ine ndikakhala wa shifiti ya madzulo. Kuyambira sabata yoyamba."

"Ndiye bwanji osandiuza?"

"Ndinkafuna umboni wako ukhale wakowako, usatsamire pa wanga."

Ndinakwiya kuposa mmene ndinakwiyirapo m'dziko la eni. "Ine ndakhala ndikudziyesa wamisala, chakudya chikundikanika, inu mukusunga umboni? Ine si mtsuko wa m'phanga, Aticha. Ndine munthu, ndipo ndimagona pamwamba pa bedi limenelo."

Analira. Anati pepa mng'ono wanga, anabwerezanso. Anati mafunso aja ndi okhawo anali nawo ogwirira, ndipo akanaleka kufunsa akanayamba kukuwa. Ndinawapatsa kansalu kopukutira m'maso, mkwiyo usanatheretu. Kuyambira tsiku limenelo palibe anatsalanso yekha m'chipindamo. Masana ndinkapita ku supamaketi kukakhala m'kachipinda kodyera antchito, ndipo m'mawa iwo ankatuluka nane limodzi n'kukakhala pa siteshoni ya sitima ya metro, akuwerenga za mayeso awo.

Mapepala atatha tinapita kukatsanzika, bokosi lisanakwezedwe ndege. Ndinaima kumbuyo ndi mpango wanga kumutu, iwo akuimba nyimbo zawo. Aticha anapita kukaona nkhope n'kudzandinong'oneza kuti afunsa, kumapazi kuli masokosi oyera okha. Pobwerera gulu lonse silinalunjike kunyumba. Tinatsika basi pa sitolo ina yaikulu, tinalowa, n'kumazungulira m'mashelefu osagula kanthu, akazi ovala zakuda pakati pa sopo ndi mabisiketi. Aticha anati amatero kuti womwalira akakhala kuti akutsatira, asokere, asadziwe njira ya kunyumba. Ndinafuna kunena kuti Nanay njira ya kunyumba ankaidziwa kale, koma ndinangotsatira anzanga, ndipo potuluka nanenso ndinakutumula diresi langa pakhomo monga anachitira onse.

Ngati mapaziwo analeka, ine sindingachitire umboni, chifukwa sindinakhalenso m'fulatimo masana. Mwezi utatha ndinasamukira ku Al Muraqqabat, kwa amayi awiri a ku Mangochi ogwira ntchito m'masitolo ngati ine. Aticha amati analeka tsiku limene ana a Nanay anatumiza chithunzi cha manda. Aticha anakhoza kuyesedwa kuja, ndipo pano akuphunzitsa ku Sharjah. Timaonana pa Idi kapena pa Khirisimasi, timadya, amandiuza za ana a m'kalasi mwawo amene anabadwira kuno ndipo kwawo amangokudziwira pa foni. Za masana aja sitikamba.

Chaka chatha ndinali mu metro, m'bogi ya akazi, nditaimirira chifukwa munadzaza. Pa mpando wa patsogolo panga panali amayi awiri olankhula Chinyanja cha ku Lusaka, nkhope zimene sindinazionepo. Wina ankachenjeza mnzake kuti asakafune malo ogona ku Al Rigga. Anati kumeneko kuli fulati ina kumene kamtsikana ka ku Malawi kanaba nsapato za mayi wa Chifilipino ali m'chipatala, nsapato zofiira, zazitali kuchidendene. Mayiyo atamwalira anabwera usiku kudzazifuna, n'kukagwira pakhosi. Anati kamtsikanako kanapenga, kankayenda kopanda nsapato pa tala wotentha, mpaka anthu anakakweza ndege atakamanga manja.

"Shuwa?" anafunsa mnzakeyo.

"Shuwa. Kakali mu chipatala ca ofunta mpaka lelo."

Bondo langa linkakhudza chikwama cha wofotokozayo. Ndinatsegula pakamwa, koma sindinadziwe poyambira, kaya pa mtundu wa nsapato, kaya pa usikuwo, kaya pa ine amene ndinali chilili pomwepo ndi kiyi wa sitolo m'manja. Sitima inaima pa siteshoni yanga.

"Pepani amayi, ndidutse nawo," ndinatero m'Chichewa.

Onse awiri anadzidzimuka. Anandiyang'ana kumaso, kenako maso awo anatsikira kumapazi kwanga. Ndinatuluka, n'kukatsegula sitolo.